Mapilisi a Alamu Ako

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana. Nanga mwendo wa apongozi ako uja unaphwa? Kuno tadzuka, koma ine mtima suli m'malo.

Alamu ako akuchira, iwe! Ukukumbukira mmene matenda aja anawasandutsira: nkhope ngati mpira, mimba uko, miyendo ngati ndodo, shuga osatsika. Adokotala anati thupi lawo limachulutsa mahomoni aja amene amatuluka munthu akapanikizika. Mapilisi atsopanowa sachepetsa mahomoniwo, amangotseka makomo amene amalowera. N'chifukwa chake kuyeza mahomoniwo sikuonetsa ngati munthu akumwa kapena ayi. Adokotala amangoona shuga ndi sikelo, kenako amafunsa ine.

Zaka zinayi ndinkawasambitsa, kuwamanga nsapato, kumeza ukali wawo. Panalibe mkazi wowapatsa moni kawiri. Lero nkhope yabwerera, mathalauza onse akukhwepa, ndiye atulukira telala wina wamkazi kuseri kwa msika. Amawazunguliza tepi m'chiuno, ati bambo mukubwerera ku unyamata. Pobwera uko amachita kuimba mluzu. Singano ndili nayo ine, koma ati ndimasoka mokhota. Mokhota! Thalauza limodzi lapitako katatu.

Nsanje inandigwira, sindikubisira. Paja ndine amene ndimaika mankhwala m'kabokosi kawo kolembedwa masiku. Ndinachotsamo mapilisi awo n'kuikamo mavitamini anga, oyera chimodzimodzi. Ndinkangofuna atupeko pang'ono kuti azikhala pakhomo. Ndachita zimenezi masabata atatu.

Dzulo kuchipatala shuga anapezeka atakwera. Adokotala anafunsa ngati akudumphitsa masiku. Ndisanatsegule pakamwa, alamu ako anandigwira dzanja, ati mkazi wawo sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, popanda ine bwenzi ali m'manda. Ine maso pansi.

Tsopano adokotala akuganiza kuti mlingo wachepa, ndipo Lachinayi likubwerali awonjezera mapilisi. Anatichenjeza kale kuti akachuluka munthu amafooka, kusanza, mwinanso kukomoka osadzuka. Enieniwo ndawabwezera m'kabokosi, koma pa pepala la adokotala bodza langa likadalipo.

Ndiyenera kukaulula, alamu ako ali pampando pomwepo akumva. Ndekha sindingathe. Chonde bwera Lachitatu udzandiperekeze, ndipo amayi usawauze.

Usaganize kuti telala uja ndamukhululukira, ndikumudabe koopsa. Koma bola ndiziwaona akupita kwa iyeyo ndi miyendo yawo kusiyana n'kuti atuluke m'nyumba muno atanyamulidwa.

Undiperekere moni kwa bambo a kunyumbako ndi ana onse. Mulungu akusungeni.

Pobwera utenge tepi yako yoyezera ija. Akapanda kundithamangitsa pakhomo pano, chiuno chimenecho ndiziyeza ndekha, mokhota momwemo.

Ndine mkulu wako.