Ndinaponda Phazi la a Dashnyam

Ulaanbaatar,
17 Novembala 2019

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi, ndiponso kuti mwasamukira kale kumalo a nyengo yozizira nkhosa zisanawonde. Ine kuno ndili bwino. Utsi wa malasha wayamba kutitsokomoletsa, koma chovala chaubweya chimene amayi anandisokera chikundisunga. Mkaka wouma uja unafika, ndipo ndikudya kachidutswa kamodzi patsiku kuti ukhalitse.

Kalatayi ndayiyamba katatu. Ziwiri zoyambazo ndinang'amba chifukwa ndinkangolemba za nyengo. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanawafotokozere amayi.

Ndinakulonjezani kuti pachikondwerero cha Mwezi Woyera, polowa chaka chathu chatsopano, ndidzabwera ndi mendulo, ndipo ndamva kuti mwauza kale anthu a m'chigwa chonse. Bambo, mendulo sindibwera nayo. Anandichotsa mumpikisano, ndipo wolakwa ndine.

Mukudziwa kuti kukalabu yowombera kuno ndinalowa ngati wosesa ndi wotola makoko a zipolopolo, mpaka tsiku lija aphunzitsi Tungalag anandigwiritsa mfuti ya m'manja kuti ndiyese. Zaka ziwiri zonsezi sanandidzudzulepo pa nkhani ya kusamala. Amanditchula Kambewa chifukwa ndimalankhula motsitsa, ndipo amauza anzanga kuti, "Taonani Kambewa, amasuzumira mfuti yake katatu ngati mkazi wansanje pa foni ya mwamuna wake." Malamulo ndimawadziwa pamtima. Kukamwa kwa mfuti kuloze kuchandamale nthawi zonse. Chala chisakhudze kachitsulo kowombera nthawi isanakwane. Ndipo munthu satembenuka ali ndi mfuti m'manja.

Loweruka pa 2 panali mpikisano wa makalabu a mumzinda. Pofika masana ndinali wachiwiri mwa akazi onse. Tinali titaika zipolopolo zisanu aliyense, tikudikira lamulo loti tiyambe. Mfuti ya mtsikana woyandikana nane inavuta, ndipo a Dashnyam, woyang'anira mzere wathu, bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, anabwera kudzayiona. Anadutsa kumbuyo kwanga. Ine ndinabweza mwendo pang'ono kuti ndiime bwino, ndipo ndinawaponda phazi.

Bambo, munandiphunzitsa ndinu ndisanadziwe ndi kuwerenga komwe, kuti ukaponda munthu phazi umugwire dzanja pomwepo kuti pasakhale udani, makamaka akakhala wamkulu. Sindinaganize n'komwe. Thupi linatembenuka lokha, dzanja lamanja linapita kwa iwo, ndipo m'dzanjamo munali mfuti. Chala changa chinali pamene sichinayenera kukhala. Mfuti inalira.

Chipolopolo chinalowa m'matabwa a pansi, pafupi ndi nsapato yawo, mtunda wosaposa chikhatho changa. Kachibenthu ka thabwa kanawacheka mwendo, koma magazi anali ochepa. Iwo sanakuwe. Anangoti, "Lozetsa kutsogolo, mwana wanga. Chotsa zipolopolo. Ika pansi." Ndinachita zonse.

Tsiku lomwelo aphunzitsi anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Kambewa, tamvera. Mfuti imeneyi ndi yakale, inabadwa iwe kulibe. Tilemba kuti inawomba yokha. Komanso madalawo amafunanji kumbuyo kwa munthu woti waika kale zipolopolo? Akungoyenda ngati ali pamsika."

"Koma aphunzitsi..."

"Koma chiyani? Walisowa tsache? Dzanja losanjenjemera ngati lakoli sindinalione zaka khumi, ndiye ndilitaye chifukwa cha chala cha kuphazi?"

Si munthu woipa, Bambo, amandikonda. Koma amene anayeza mfutiyo m'mawa uja n'kusaina kuti ili bwino anali a Dashnyam omwewo. Tikanalemba choncho, komiti ya mipikisano ikanawalanda chiphaso cha uyang'aniri chimene akhala nacho zaka makumi atatu. Ine ndinkadziwa zimenezi. Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndinagwedeza mutu kuvomera.

Lachitatu ndikusesa, ndinawapeza a Dashnyam atagwada, akukhomera kathabwa pabowo lija.

"Densmaa, tandigwirire misomaliyi," anatero. "Yandikira, usaope, lero ndavala nsapato zachitsulo."

Anaseka okha. Atakhoma misomali iwiri anati, "Komiti ikandifunsa ndidzanena kuti ndinayandikira kwambiri, poti n'zoona. Zinazo udzanena ndiwe, kaya sudzanena." Sanandiyang'ane. Akanandikalipira, zikanandipepukira.

Pamenepo ndinakumbukira mmene munkachitira pobwera kosaka mimbulu. Munkaima panja pachisanu, n'kutsegula mfuti ndi kusuzumiramo musanalowe m'hema, ngakhale zipolopolo zitakutherani kuphiri. Tsiku lina ndinakufunsani chifukwa chake, inu n'kuti, "Chipolopolo sichimva pepani. Chotuluka mumfuti n'cha amene wayigwira." Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kapena inu munaiwala.

Mukudziwa kuti pagulu pakamwa panga pamauma. Ndiye ndinalemba zonse papepala, n'kukopera katatu kuti pasakhale cholakwika, poti sukulu yanga mukuidziwa pamene inathera. Lachiwiri lapitali ndinaima pamaso pa anthu asanu a komiti. Aphunzitsi sindinawauze. Nditayamba kuwerenga, wapampando anatchera khutu ndi dzanja.

"Kweza mawu, mtsikana iwe! Tonse pano ndife agonthi, takhala tikuwomba mfuti moyo wathu wonse."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunandithandiza. Ndinawerenga mokweza kuti, "Mfuti ilibe vuto. Ndinatembenuka ili m'manja, muli zipolopolo. Chala changa chinali pa kachitsulo. Kaya a Dashnyam anali pafupi kaya patali, wogwira mfuti ndinali ine."

"Nanga unatembenukiranji?" anafunsa mayi wina wa komitiyo.

"Ndinawaponda phazi. Ndimafuna kuwagwira dzanja."

Mayi uja anagwira pakamwa. Wapampando anayang'ana anzake mmodzimmodzi n'kufunsa kuti, "Ndani pano amene dzanja lake silikanapita lokha?"

Koma chilango anandipatsa, ndipo n'choyenera. Miyezi isanu ndi umodzi sindigwira chipolopolo kapena kulowa mpikisano. Loweruka lililonse ndiziima pamaso pa ophunzira atsopano n'kuwafotokozera zimene ndinachita. Dzulo ndinayamba. Anali anthu khumi ndi awiri, ndipo ndinawatengera pakathabwa paja, aliyense n'kukhudza ndi chala. Chiphaso cha a Dashnyam sanachikhudze. Pansi ajambulapo mzere wachikasu woti woyang'anira asamaudutse, ndipo pakhoma pa malamulo awonjezerapo lina: "Ukaponda mnzako, yamba waika mfuti pansi."

Aphunzitsi anakhala masiku awiri osandilankhula. Lachisanu anandiponyera makiyi a kabati ya mfuti. "Kambewa, mutu wako ngwouma ngati wa ngamira. Lolemba sikisi koloko. Mfuti yopanda kanthu, kukweza mkono maulendo mazana awiri. Mu Juni kuli mpikisano, sindikufuna manyazi." Atafika pakhomo anatembenuka n'kuti, "Unawerenga bwino."

Chimodzi chatsala. Tsiku la komiti lija, tikutuluka, a Dashnyam ananditsekereza njira akutsimphina mwadala.

"Iwe mtsikana, papita masiku khumi chindipondereni phazi, ndipo dzanja sunandigwirebe. Ukufuna tikhale adani?"

Ndinayamba ndayang'ana manja anga onse awiri, n'kuwatambasula kuti nawonso aone kuti mulibe kanthu. Kenako ndinawagwira dzanja. Linali lofunda ndi lokhakhala ngati lanu, ndipo ndinalira pamaso pa anthu onse aja.

Bambo, anthu a m'chigwa akakufunsani, auzeni mmene zinakhalira, musandibisire. Ndikudziwa kuti zikupwetekani. Ngati mwandikwiyira, ndilembereni ndithu, kusiyana n'kukhala chete. Amayi muwauze pang'onopang'ono, ndipo muyambe ndi mawu oti palibe amene anavulala kwambiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali, ndi kwa kavalo wanga wotuwa uja ngati akundikumbukirabe. Pa Mwezi Woyera ndidzabwera, mukandilola, kudzakugwirani zigongono monga mwa mwambo. Amayi anandilembera kuti munamanga kale kachingwe pamtengo wa denga, pamwamba pa bokosi la zithunzi, kopachikapo mendulo. Chonde musakamasule. Kangodikira pang'ono.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Densmaa