Timasowo ta Bambo

17 Julayi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tikudzuka, koma si tonse amene tikudzuka bwino, ndipo n'chifukwa chake ndagwira cholembera m'malo moimba foni. Pa foni mumayankhula inu nokha, ine n'kumangoti eya, eya ngati mwana wa sukulu. Komanso khoma la pakati pa chipinda changa ndi cha bambo mukulidziwa, munthu ukatsokomola mbali ino iwo amati pepa mbali inayo. Maso ndiwo anawathawa, koma makutu akadali a mnyamata.

Kanthu kamene ndakulunga m'kansalu musakatsegule kaye. Muyambe mwawerenga mpaka kumapeto.

Mukukumbukira kuti titaika mayi, bambo anangokhala pa mpando wa pakhonde ngati katundu woiwalika. Miyendo inali itakana kale ntchito yoimirira, ya zitseko ndi mabedi ija. Inu ndi amene munaganiza bwino, zimenezo sindingakulandeni. Munatumiza makina aja a pa tebulo, a kasowo kowonda ngati ulusi kamene kamangokwera ndi kutsika, kuti azicheka tinthu ting'onoting'ono atakhala pansi. Tsiku limene makinawo anafika, bambo anawazungulira, kuwasisita, kenaka n'kundifunsa kuti, "Kodi ichi n'chochekera matabwa kapena chosokera zovala? Mlongo wako akufuna ndikhale telala pa ukalamba?" Sindinakuuzeni zimenezi poopa kuti mukhumudwa. Koma sabata isanathe munthu uja anali atasiya mpando wa pakhonde, chakudya n'kumazizira pa tebulo ine ndikuitana mpaka kusasa mawu.

Zidutswa za mkungudza zija ankasunga kunsi kwa bedi, zimene mayi ankalalata nazo kuti zikuwabisira nsapato, ndi zimene anatulutsa. Anandituma nazo kwa anzawo ocheka matabwa kuti akazing'ambe mopyapyala, ngati chikuto cha buku. Nditabwera nazo anatenga thabwa limodzi, kulinunkhiza, n'kuyamba kulisisita. Ine ndinalowa m'khitchini kukachita ngati ndili ndi ntchito.

Kuyambira pamenepo kachipinda kakuseri kaja kanasanduka ka iwo. Ankacheka mbalame, nsomba, timaluwa, timabokosi toikamo ndolo, koma makamaka mbalame. Ndipo inu mukuwadziwa bambo, sagwira ntchito pakamwa pali chete. Ndikalowa kukasesa utuchi, ndiye kuti sukulu yayamba. Amvekere mkungudza wopyapyala suchekedwa wokha, umanjenjemera n'kuthyoka, ndiye umamata matabwa awiri pamodzi ndi selotepi kuti azigwirana, ukamaliza mbalame zimatuluka ziwiri zofanana. Amvekere mizere ya thabwa izitsata khosi la mbalame, ikalipingasa mutu umatsala m'manja. Amvekere usakankhe, kasowo kadye kokha, iwe ntchito yako n'kukhotetsa basi. Ndipo vanishi ayi, ati kupaka vanishi pa mkungudza n'kutseka pakamwa munthu woimba. Ine ndinkangoti inde bambo, mtima uli ku mphika umene ndasiya pa moto.

Nyumba yonse inkanunkhira, achimwene. Makatani, mabulangete, ngakhale shuga wa m'kabati. Kuntchito anzanga ankandiseka kuti ndikamadutsa amaona ngati kwafika wadiropu yatsopano. Amayi osoka zovala aja oyandikana nafe ankabwera kudzatenga mbalame n'kumaziika m'zovala za makasitomala awo kuti njenjete zisadye, ndipo ankakangana ndi bambo kudzera pa windo kuti makina a ndani akusokosa kwambiri.

Zoti matenda a shuga aja anawalowa m'maso ndinakuuzani, ndiponso kuti adokotala anati palibenso chimene angachite. Bambo anayamba kutsata mzere wa pensulo ndi chala, osati ndi diso. Ndinkaona, koma ndinkangoti mwina zikhala bwino. Za tsiku lija la chala chachikulu ndinakuuzaninso, koma mwachidule. Ndinamva makina atasintha kulira, ndithamange, ndinawapeza atagwira dzanja m'mwamba, magazi akutsikira m'chigongono, iwo akundiuza kuti, "Chotsa thabwalo lisathimbirire." Kuchipatala anawasoka, ndipo anesi anandikalipira ine ngati ndine ndinawacheka. Anati munthu wa shuga bala silipola msanga, tsiku lina adzataya dzanja lonse.

Ndiye inu munaimba. Mawu anu ndikuwakumbukira bwino. Munati, "Makina amenewo achoke m'nyumbamo, ndinagula ndine, sindingalole kuti andiphere bambo." Munkanena zoona, ndipo inenso mantha anali atandigwira. Koma kunyamula makina aja bambo akumva, manja anga anakana. Ndiye ndinachita za ife anthu amantha. Ndinamasula kasowo kamene kanali pa makina, ndinatenga ndi timasowo tonse totsala m'kapepala kake, n'kukabisa m'kabokosi ka mayi kaja ka mkungudza kamene ndimasunga pansi pa sutikesi. Chala chitayamba kupola, bambo anapita pa makina, kupapasa, n'kundiitana. Ndinawauza kuti kasowo kanathyoka tsiku la ngozi, tinato tinachita dzimbiri ndinataya, ndipo kusitolo akuti katundu sanabwere.

Anangoti, "Chabwino, mayi. Tidikira."

Sanandifunsenso. Chimenecho ndiye chinandipweteka, chifukwa bambo wathu si munthu wovomera msanga, amakangana ngakhale ndi wailesi. M'mawa uliwonse ankasamba, kuvala epuloni yawo ija, kulowa m'kachipinda n'kuyatsa makina opanda kanthu. Ankangokhala pamenepo manja ali pa tebulo, makina akulira okha. Nditawafunsa anati, "Chitsulo chikagona chimadwala." Kenaka ankazimitsa, kuvula epuloni, kuipinda bwinobwino n'kubwerera pa mpando wa pakhonde uja.

Fungo linayamba kuchoka m'nyumba pang'onopang'ono. Ine sindinazindikire msanga, anandiuza ndi amayi osoka aja. Anandiimitsa pa geti n'kunena kuti, "Mwana wanga, makina ndikuwamva, koma mphuno zanga sizikumva kanthu. Adalawa mwawatani?" Ndinawafotokozera. Anandiyang'ana, singano ili pakamwa, n'kuichotsa n'kuti, "Ine tsiku limene ana anga adzandibisire singano, angogula bokosi la maliro." Ndinakwiya nawo, masiku angapo sindinawapatse moni. Koma usiku ndi usana mawu awo anali m'mutu mwanga.

Kenaka makina anasiya kulira. Bambo anayamba kusiya chakudya, poyamba theka, pambuyo pake supuni ziwiri n'kukankha mbale. Pakhonde paja anasiyanso kukhalapo. Kuchipatala anawayeza zonse, anati shuga ili m'malo mwake, chala chapola bwino, mwina ndi ukalamba chabe. Inu mukaimba ndinkati akupeza bwino, ndipo chala chinkapezadi bwino.

Loweruka lapitali ndinatopa nazo. Ndinati kaya achimwene akwiya, akwiye. Ndinatulutsa timasowo tija m'kabokosi, ndinatuluka panja, kuzungulira nyumba, n'kulowanso mwaphokoso ngati ndikuchokera kutauni. Ndinalowa m'chipinda mwawo n'kunena kuti, "Bambo, tadzukani, katundu uja wafika kusitolo." Ndinawaika kapepala kaja m'manja. Anakatembenuza, kukatsegula, kukhudza mano a kasowo kamodzi ndi chala. Kenaka anakafikitsa pamphuno.

Anati, "Sitolo yakeyo amagulitsanso mkungudza?"

Ndisanatsegule pakamwa, anapitiriza.

"Kasowo katsopano kamanunkha oyilo, mayi. Aka kagona m'kabokosi ka amako. Ndinakhoma ndine kabokosi kameneko, ndingakaiwale?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Kasowo kakathyoka kamasiya kachidutswa pa chomangira. Iwe unamasula bwino kwambiri, mpaka ndinanyadira."

Ndinagwada pambali pa bedi n'kulira ngati mwana, achimwene, ndikupepesa. Anandigwira mutu n'kuti, "Usalire. Sindikukwiyira, ngakhale mlongo wako sindikumukwiyira. Chala chinali changa koma mantha anali anu, ndinaona kuti ana anga atopa. Ndinati ndikhale mwana wabwino." Ndinawapempha kuti adzuke tikayese, ine ndikhala pambali pawo kuwayang'anira. Anayesa kukhala tsonga, thupi linakana. Anagonanso n'kuti, "Wachedwa nato pang'ono."

Sindikulemba izi kuti ndikuimbeni mlandu. Lamulo munapereka ndinu, bodza ndinanena ndine, tonse tinkafuna kusunga dzanja la bambo, ndipo talisungadi. Likungokhala pa bulangete, lopola bwino, lopanda ntchito.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndachita, mukwiye ngati mukufuna. Lamulungu m'mawa ndinalowa m'kachipinda kaja, ndinamanga kasowo, ndinatenga thabwa limodzi n'kuyatsa makina. Ndinkangofuna kuti fungo libwerere m'nyumba. Thabwa linanjenjemera, kugunda pa tebulo, n'kung'ambika pakati. Ndinangomva kuseri kwa khoma mawu aja tinawazolowera: "Wacheka limodzi! Ndinati chiyani ine?" Ndinamata awiri, kuyambanso. "Ukukankha! Kasowo kakulira ngati mbuzi, kaleke kadye kokha." Ndinaseka misozi ikutsika. Tsiku limenelo anamwa tiyi kapu yonse.

Ndiye m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimacheka, chitseko chawo chili chotsegula, iwo n'kumandikalipira ali gone. Amamva chilichonse, ngakhale ndikakhota mochedwa. Mbalame zanga n'zomvetsa chisoni, amayi osoka aja akuti njenjete zikuthawa maonekedwe, osati fungo. Koma ndisakunamizeninso. Mawu aja akucheperachepera. Dzulo ndinacheka mpaka kumaliza osamva kanthu, ndinazimitsa makina n'kuthamangira kuchipinda. Anali maso, akupuma fungo lija mwakachetechete. Anati, "Lero sunalakwitse." Ndinali nditalakwitsa kawiri.

Matabwa aja ankacheka tsiku la ngozi ndinawapeza pa shelefu, akadali omata, mbalame itafika theka. Ndinawafunsa ngati ndingamalize, anavomera. Nditamatula selotepi zinatuluka ziwiri monga mwa nthawi zonse. Mutu ndi phiko limodzi n'zosalala, amenewo ndi manja a bambo. Phiko linalo ndi mchira zili ngati zalumidwa ndi khoswe, ameneyo ndine. Anazipapasa zonse ziwiri, imodzi anaiika pansi pa pilo, inayo anati, "Iyi umutumizire Msomali wanga. Umuuze asapake vanishi." Akukutchulanibe dzina limenelo la masiku amene munali woonda, ngakhale ndinawauza kuti pa zithunzi mwanenepa mpaka khosi linasowa.

Chopempha changa n'chimodzi. Mankhwala alipo, chakudya chilipo, musatumize kanthu. Ndikudziwa kuti tchuthi mumayembekeza kumapeto kwa chaka, ndipo ndikudziwa kuti ulendo wake si wapafupi. Koma kapempheni kuntchito kwanuko, muwauze kuti bambo anu akudikira. Sanena kuti akukufunani, mukuwadziwa. Amangofunsa kuti kumene muliko kukuzizira kapena ayi, ndiponso ngati mwana wanu wamng'ono uja wayamba kuyenda. Foni ikalira amatembenukira kukhoma kuti amve bwino.

Tsopano mutha kutsegula kansalu kaja. Kadontho kakuda ka magazi a bambo pa phikopo ndinayesa kukapala koma kanalowa m'kati, ndiye ndinangokasiya. Mununkhize msanga, thabwa lopyapyala silisunga fungo nthawi yaitali. Bambo akuti likazilala mudzangopala pang'ono ndi sandipepa, lidzabwerera ngati latsopano. Zimenezo zimatheka ndi thabwa, achimwene. Munthu akazilala sapalidwa.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti juzi imene anatumiza ija bambo akugona nayo. Ana muwafungatire m'malo mwanga. Amuna anga, alamu anu, akuti moni, amayi osoka aja akutinso moni ndipo akuti mukamabwera musaiwale kuti munawalonjeza sizasi. Bambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu ena oti ndilembe. Akuti ndikuuzeni kuti makina aja munasankha bwino, sanakuthokozeni nthawi ija chifukwa ankafuna adzakuuzeni pamaso.

Bwerani adzakuuzeni.

Ndine mlongo wanu amene akukudikirani,

Wa m'kachipinda kakuseri