Ababa Andiphera Nkhuku ya Mlendo

Amayi, kumeneko zikukuyenderani bwanji? Kuno ku Ntengo-Wambalame kwayamba kuzizira, ndipo chifunga chija munkadana nacho chikumakhala mpaka dzuwa litakwera. Mbatatesi tinakumba yambiri ndithu, koma nyemba zinawola ndi mvula yomaliza. Mkulu wanga, Mana Rozina, anabereka mwana wamkazi n'kumupatsa dzina lanu. Komatu dzinalo ndinkasungira wanga amene sanabwerebe.

Nkhani yaikulu ndi ya Ababa. Matenda a shuga aja munkawaletsera tiyi wotsekemera sanawaleke. Chichokereni inu anayamba kuiwala pomwe aika khasu, kenako njira ya kudimba. Ndinapempha chilolezo ku eskola, sukulu yomwe ndimaphunzitsa ku Furancungo, n'kupita nawo ku Tete, komwe anawajambula m'mutu ndi makina. Adotolo anandionetsa chithunzicho. Ubongo wawo wafota ngati mbatatesi yokhalitsa m'chipinda, ndipo muli timadontho toyera pomwe timitsempha ta magazi tinawonongeka. Anati ukalamba umachita zimenezi, koma shuga wa zaka zambiri amafulumizitsa. Mbali yosunga zatsopano ndiyo imayamba kutha, zakale zimatsalira. Ndinamva zonse, poti mawu a Chipwitikizi amenewo ndi omwe ndimaphunzitsa ana m'kalasi. Kumvako sikunandithandize kanthu.

Ababa tsopano akukhala ku Malawi, Amayi. Thupi lili pakhonde pathu pano, koma mutu uli ku msasa wa othawa nkhondo, zaka zija ine ndisanabadwe. Mana Rozina amamudziwa poti anabadwira komweko. Akangomva mawu ake amati, “Rozi, amako ali kuti?” Iye amayankha kuti muli pamzere wolandira ufa, n'kuwapukuta pakamwa, onse awiri n'kumaseka. Ine ndimaima pakhomo ndi thumba la mapiritsi.

Ndine amene ndimawabaya chala kuyeza shuga. Ndine amene ndinaletsa thobwa ndi nzimbe. Rozina amawapatsa mobisa, ndikudziwa. “Iwe ndi mabuku ako,” amatero, “asiye achikulirewa amve kukoma.” Nthawi zina usiku ndimaganiza kuti mwina akunena zoona, mwina ndimaletsa pofuna kuti nanenso ndikhale ndi ntchito pa iwo. Koma shuga akakwera amasokonezeka kwambiri, ndaona ndi maso anga. Munkati mwana wakutali amabwera ndi sopo, wapafupi amabwera ndi madzi. Nthawi imeneyo ndinkaseka.

Loweruka lapitali nditatsika pa mota, njinga yamoto yomwe inandibweretsa, Ababa anadzuka pampando wawo n'kundikokera. “Khalani apa, a enfermeira, anamwino athu. Rozi, gwira tambala uja, alendowa asabwerere ndi njala.” Inu mukudziwa kuti mwana wapakhomo saphedwera nkhuku. Rozina anayang'ana pansi, koma anaipha. Anandiikira chakudya m'nyumba, nthutumba ili pamwamba monga mwa ulemu wa mlendo. Ndinadya ndekha, ndikumva iwo panja akulimbirana chiwindi m'mbale imodzi. Ndikanasinthanitsa dipoloma yanga ndi malo a Rozina pamphasa paja.

Nditatuluka anandikodola, n'kutsitsa mawu. “Popeza ndinu a chipatala, ndikuuzeni. Mayi a kunyumba ndi oyembekezera. Akuti nkhondo yatha, magalimoto otibweza akubwera. Ndikufuna mwanayu akabadwire kwathu. Dzina ndasankha kale, ndi Tafika. Kodi mabampu a mumsewu samupweteka?”

Mimba imeneyo ndine, Amayi. Nkhope yawo inawala kuposa mmene imawalira akaona Rozina. Ndiye tangoganizani, mzimayi wamkulu ngati ine kuchitira nsanje mwana amene ali m'mimba mwanu. Mwanayo Ababa akumudikirira, akumudera nkhawa. Ine anandipatsa mpando.

Ndinafuna kunena kuti ndine pano, ndinafika kalekale. Koma ndinayesapo kale, ndipo analira tsiku lonse atamva kuti inu kulibe. Ndinangoti, “Samupweteka, bambo. Adzabadwa bwino, adzakula.” Anandigwira dzanja mwamphamvu. “Mudzabwere mudzamuone,” anatero.

Nanunso ndimakuchitirani nsanje, ndisakubisireni. Madzulo alionse amayang'ana kunjira kudikira inu, pomwe inu simubwera ndi mapiritsi kapena madzi. Muli nawo kale, choncho musafulumire kuwaitana. Ine ndikulonjeza kuti ndizibwerabe kumapeto kwa sabata iliyonse, ndiziwabaya chala, ndizikangana ndi Rozina za thobwa. Ndipo akandipatsa mpando ndizikhala, n'kuwafunsa kuti mwana uja akudikirayo nkhani yake ili pati.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tafika