Atembenuke

Lolemba

Wamakatuni, 09:12
scene 4 ndatumiza. palibe angadziwe kuti ndi nkhope ya mayi ako, achimwene ako mtima ukhale pansi

Wakamera, 09:20
zkm. anali atalumbira kuti mayi akudwala matenda oiwala chonchi sangaonetsedwe kusukulu. film yonse ndikanaitaya

Wakamera, 09:34
ndaonera. iwe, mmene amakokera mwendo wamanzere wadziwa bwnj

Wamakatuni, 09:36
ndikungotsata pamwamba pa zimene unajambula, frame ndi frame. inaona ndi kamera yako. ine sindikanapirira shot yaitali chonchija osadula

Wakamera, 09:37
ndiye ife nkumakusekani kuti a zidole

Wamakatuni, 09:37
ifenso timati inu ntchito nkudina batani basi kkk

Lachitatu

Wakamera, 14:05
ndawaonetsa mayi pa laptop. sanadzizindikire. akuti ndi achemwali awo

Wamakatuni, 14:09
ali kuti achemwaliwo

Wakamera, 14:10
anamwalira ine ndisanabadwe. ngakhale chithunzi chawo tilibe

Wakamera, 14:11
paja makwinya sunawaike. akuti ndi iwowo ndithu, mapewa ake, mayendedwe ake

Wamakatuni, 14:11
eee, koma ine ndinangotsata mayi ako

Wakamera, 14:15
ine mwana wawo amandifunsa daily kuti ndine yani. koma katuni yako aitchula dzina

Lachinayi

Wamakatuni, 10:02
kwacha bwnj uko

Wamakatuni, 12:40
?

Wakamera, 15:18
sakudya. shot yomaliza ija, munthu akupita kuchitseko atatifulatira, mayi akumamuitana kuti atembenuke. ikatha akuti ndibwezere. tamva

Wakamera, 15:19
🎤 uthenga wa mawu, 0:47

Wamakatuni, 15:26
sindinamalize. akuitana ngati mwana amene amusiya panjira

Wakamera, 15:27
ungawatembenuze? pls

Wamakatuni, 17:03
sry ndimaganiza. munthu amene sindinamuonepo sindingamupeke. za mmutu mwanga mayi ako adziwa kuti ndi bodza

Wamakatuni, 17:04
koma wina atatembenuka pa kamera ndikhoza kutsata

Wakamera, 17:06
mayi sangathe, ukawauza chochita amangokhala pansi

Wamakatuni, 17:06
ndikunena iweyo. umayenda ngati iwo, ndimakuona ku studio

Wakamera, 17:10
ine kutsogolo kwa kamera sindinaimepo. nanga agwira ndani

Wamakatuni, 17:11
ine. undiphunzitse focus, bola usandikalipire

Wakamera, 17:30
mawa ubwere dzuwa lisanachoke pawindo la pabalaza. ndivala diresi imene mayi anavala mu shot ija

Lolemba

Wamakatuni, 11:15
export yatha. kamera inagwedera koma light yako inabisa zambiri. maso ndawasiya ako, sindinasinthe

Wamakatuni, 11:16
iyi lecturer asaione. si ya marks

Wakamera, 11:40
sure

Lachiwiri

Wamakatuni, 08:50
wawaonetsa?

Wamakatuni, 13:22
iwe, mtima uli mmwamba kuno

Wakamera, 16:01
atembenuka. mayi aimirira okha, akonza mpango, awalonjera ndi manja awiri

Wakamera, 16:02
adyanso. chakudya china apungulira pa mbale ina, aika patsogolo pa laptop

Wamakatuni, 16:02
nanga iwe? maso aja awazindikira?

Wakamera, 16:09
anayang'ana pa screen nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine

Wakamera, 16:10
akuti mayi inu, tatulukani kaye, tili ndi nkhani ndi achemwali anga

Wamakatuni, 16:10
uli kuti pano

Wakamera, 16:12
panja pa chitseko. ndikuwamva akuseka. chaka chino anali asanasekepo

Wakamera, 16:14
akumalankhula nkusiya mpata ngati wina akuyankha

Wamakatuni, 16:15
ndibwere?

Wamakatuni, 16:41
ndili pa geti