Sowo Yakufa Ndiye Yanga

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo. Mpongozi wanu Esinati anachira, ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Nandolo wabereka, chimanga ndiye ayi. Koma chandilembetsa ndi sowo ya injini ija, imene mzungu wa zankhalango ku Likhubula anawasiyira abambo pobwerera kwawo.

Mukukumbuka pogawana katundu wa abambo? Abale awo anatenga njinga, wailesi, ndi jekete lomwe. Sowo anaikankha ndi phazi, ati chitsulo chadzimbiri. Inu munaikulunga m'chiguduli n'kundiuza kuti, "Sunga khosi, mwanawe, mkanda uoneka."

Mutatisiya ndinaimasula yonse. Pisitoni inali itakakamira ndi dzimbiri, ndinaiviika m'parafini mpaka inalola. Ring'i yake sipezeka ngakhale ku Limbe, ndiye ndinapala ya njinga yamoto ndi tupa mpaka inakwana. Kamphira ka m'kabuleta ndinadula ku chubu chakale. Pulagi anandipezera bambo wina wothawa nkhondo ku Mozambiki. Tsiku limene inalira, Amayi, misozi inandituluka. Dengu lothyolera tiyi ndinakatula ku esiteti komwe ndinkagwira ntchito, ndimvekere basi, ndizidula bulugamu, ana adye.

Koma sowo ilibe chinsinsi, ikalira mudzi wonse wamva. Anatulukira a Dafita, mwana wa alongo awo a abambo, atavala malaya ofiira a Yufi, achinyamata a chipani aja.

"Asuweni, mwagwira ntchito," anatero. "Komatu mwambo mukuudziwa. Katundu wa amalume amapita kwa ife ana a mlongo wawo. Inu kwanu ndi kwa amayi anu."

Munthu amene amaima pamsika wa Nkando n'kumafunsa makadi a chipani, ungamukanize? Ndinangowapempha kuti petulo azimusakaniza ndi oyilo, poti injini zotere zimamwa choncho. Ati, "Musandiphunzitse za amalume anga."

Sabata isanathe anathira petulo yekhayekha, injini inatentha n'kuuma gwa! Anaibweretsa pa wilibala, n'kuikhuthula pabwalo ngati zinyalala. "Ndi ya bambo anu iyi, ikonzeni. Ikalira tidzaitenga." Ku esiteti nako malo anga analowa wina.

Zikundiwawa, Amayi. Ikafa ndine mwana wa abambo, ikadzuka ndine mlendo. Zaka zonse zija inali kunsi kwa bedi lanu, mwambo umenewu unali m'tulo? Abambo muwapatse moni, koma muwauzenso zimenezi.

Ndayambanso kuimasula, m'khitchini, chitseko chotseka. Ulendo uno ndikuimangirira ekizozi ya njinga yamoto kuti izilira chapansipansi, ndipo ndizikadulira kutali, kuseri kwa phiri. Madzulo izibwerera m'chiguduli chanu chija. A Dafita akafunsa ndiziti idakali yakufa, poti yakufa ndiye yanga.

Ndikukulonjezani, mdzukulu wanu wadzina lanuyu sagona ndi njala.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Faisoni