Ng'ona Yanga kwa a Goliati

Lolemba, 7 Seputembala 1987

Alamu anga a Sidik abwera kuchokera ku Joni, ndipo andisiyira kagalimoto koyenda popanda chingwe. Umagwira kabokosi ka mlongoti, ukadina, iko n'kumathamanga kokha. Kabwera koyera mbee. Ine wolemba zikwangwani za Liwonde yense ndingakasiye choncho? Iyayi.

Lachitatu, 9 Seputembala

Masiku awiri ndili pa kaburashi kakang'ono. Ndakapenta kobiriwira, mamba limodzilimodzi, mano oyera kutsogolo, maso achikasu. Dzina lake Ng'ona. Masana ndaiyendetsa kuseri kwa nyumba, pakati pa mpapaya ndi thandala la mbale. Nkhuku zonse balalabalala! Mkazi wanga Lilian waseka mpaka kukhala pansi.

Lachinayi, 10 Seputembala

A Goliati, apampando a chipani m'dera lino, omwe tinagundana nawo mpanda, abwera ndi amuna awiri. Akuti, "A Jasten, mlongoti uwu mukulankhula nawo ndi ndani ku Mozambiki?" Ndati n'choseweretsa chabe. Akuti, "Ndiye mukufuna mukafotokozere akuluakulu?" Atenga galimoto ndi kabokosi komwe. Potuluka ndawauza zikomo. Kuthokoza mbala!

Loweruka, 12 Seputembala

Ndasuzumira pampanda. Akuiyendetsa okha kuseri kwawo, mimba ikugwedezeka ndi chimwemwe. Chondiwawa kwambiri: aipaka penti yofiira ya zitseko, yodonthadontha. Mamba anga onse aja akwirira. Munthu ameneyu adzandidziwa.

Lamulungu, 13 Seputembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndikanakhala bwanji benchi imodzi ndi G.?

Lachiwiri, 15 Seputembala

Ndakwera sitima kukawadandaulira a Sidik ku Balaka. Aseka, kenako alowa kuchipinda n'kutuluka ndi kabokosi kena. Akuti anagula magalimoto awiri, ina inaphwanyika panjira. "Timabokositi n'timodzi, alamu. Kalikonse kamayendetsa."

Ndakabisa m'chitini chopanda penti. Lilian wandiona. Akuti, "Inu, mukufuna ndizikutengerani chakudya kundende?"

Loweruka, 19 Seputembala

Lero! A Goliati anaitana anzawo audindo asanu kuti awaonetse katundu wawo. Mipando kuseri, ndowa ya thobwa pakati. Ine ndinanyonyomala m'bafa mwathu, diso pakampata ka udzu, kudikira. A Goliati atatopa kuiyendetsa, anaika kabokosi kawo patebulo n'kutenga kapu.

Ndinadina.

Ng'ona inadzuka yokha. Kuzungulira kamodzi, kulowa pansi pa mipando, kenako molunjika pa akakolo awo, pha! Athawire uku, ine nawo. Athawire uko, ine nawo. Anagwera pandowa, thobwa khuthu thupi lonse, akukuwa, "Sindinaigwire! Onani manja anga!" Alendo analiyatsa liwiro, wina kusiya nsapato. Ndinaluma malaya kuti ndisamveke.

Ndadya nsomba ziwiri zathunthu.

Lolemba, 21 Seputembala

Pamsika ponse nkhani ndi imodzi: galimoto ya a Goliati ili ndi mankhwala. Eni ake sakutuluka m'nyumba. Wina pasiteshoni wati, "Zolanda zija zawatembenukira." Ndavomera ndi mutu, nkhope yachisoni. Ayimve.

Lachiwiri, 22 Seputembala

Masana kwafika mayi Clementina, akazi a a Goliati, kaphukusi kumutu, diso limodzi lotupa. Akhala pakhonde ndi Lilian, ine ndili pambali ndikulemba chikwangwani cha butchala. Akuti amuna awo anapita kwa sing'anga, ndipo wawauza kuti wolodza galimotoyo ndi wa m'nyumba momwemo. Awamenya, n'kuwalamula abwerere kwawo ku Ngokwe, ana awasiye. "Zaka khumi ndi zisanu tili pabanja, amayi. Ine mankhwala ndawadziwira kuti?"

Burashi inandiuma m'manja. Mayi amenewa ndi amene anagona nafe kuchipatala sabata yonse Lilian atadwala chaka chatha.

Lilian wawalowetsa m'nyumba kuti apume. Kenako watuluka ndi chitini ndinabisamo kabokosi chija, wachiika pamapazi anga.

"Basi ya ku Ngokwe imanyamuka mawa m'mawa," watero. "A Goliati ali m'nyumba mwawo. Chitseko mukuchidziwa."

Ndavala nsapato. Zingwe sindinamange.