Mawu Owonjezera a Atija

Lolemba, 9 Juni

Chifunga mpaka pakhomo. Mitengo ya paini ya kuseri kwa sukulu ikuoneka mitu yokha, ngati ikuyandama. Zala zouma, choko kugwa m'manja.

Mayeso a Chingerezi a ana anga. Pafupifupi aliyense "return back". Ndadula, ndadula. Kubwerera ndi kubwerera basi, "back" wa chiyani? A Dário, amene anandiphunzitsa ine, ankati mawu owonjezera ndi miyala ya mu nyemba. Sankha, taya.

Madzulo kumsika. Pa benchi la a Husseni, pomwe ndimagula kachewere, pali nkhope yatsopano. Atija, mwana wa mlongo wawo, wa ku Mangochi. Wabwera kudzadwazika akazi a Husseni. Chipwitikizi sadziwa. A Husseni akuti, "Awa ndi a Edmilson, eni ake Chingerezi mu Lichinga muno." Ndinapereka moni wanga wa m'buku. Iye: "Repeat again, teacher." Ine pakamwa posadikira, ndati "repeat" yekha akwanira. Anaseka mpaka kugwira sikelo.

Mpango wobiriwira. Kampata pakati pa mano akutsogolo.

Lachitatu, 11 Juni

Phunziro la lero: chiganizo chisathere ndi "to" kapena "with". Ndalemba lamulo pa bolodi, kenako ndaima ndikuyang'ana pawindo. Sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Ana anayamba kutsokomola dala.

Vitória, mphunzitsi wa Chipwitikizi, anasuzumira m'mapepala anga nthawi ya tiyi. Akuti eni chilankhulocho amalankhula zomwezi pa wailesi, tsiku ndi tsiku. "Iwe ukulondera nyumba imene eni ake anasamukamo kalekale." Koma amanena zoona pang'ono. Malamulo ena sindidziwa anaika ndani. Ndinangowalandira, monga jekete la malemu bambo, lalikulu m'mapewa.

Loweruka, 14 Juni

Ndagula nyemba. M'nyumba muli kale nyemba.

Atija anawonjezera kachewere pamwamba, akuti "free gift". Ndinayesa kudziletsa, ndalephera. Ndati mphatso iliyonse ndi yaulere, "free" sakufunika. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato. "A pulofesolo, simunakhale pa dziko. Mphatso zambiri zimabwera ndi chingwe kumchira. Yangayi ndiyo ilibe, n'chifukwa chake ndanena." Kenako anachotsapo mbatata imodzi, akuti chindapusa.

Njira yonse yopita kwathu ku Chiuaula ndimaseka ndekha. Wanjinga yamoto anachita kundiimbira hutala.

Lachitatu, 18 Juni

Atija akufuna Chipwitikizi choti azitha kuitanira malonda. A Husseni alola, bola pa benchi pomwepo, iwo alipo. Ndakhala pa thumba la nyemba. "Batata, senhora." Amatchula ngati akuimba.

Pobwerera ndimaganiza. Chinyanja chathu sichiopa kubwereza. Pang'onopang'ono. Bwinobwino. Kutalitali. Mayi akati "mwana wanga wangawanga", ndani angadule? Koma Chingerezi ndimachiyendetsa ngati msilikali. Mwina chifukwa si changa, ndimaopa kuchithyola.

Ndalota masana, nditakhala pampando. Kanyumba ku Lulimile, utsi wa m'mawa, mpango wobiriwira uli pachingwe. Iye Msilamu, ine wa kwaya ya Lamlungu. Amayi adzati chiyani? Zimenezo mawa.

Lachitatu, 25 Juni

Tchuthi. Msika theka. Dzuwa lofooka, lokoma.

Atija anayamba yekha kunena za mayi ake. Anamwalira chaka chatha, pa bwato, akuwatengera kuchipatala. Ananena m'Chingerezi, akuti m'Chinyanja angalire. Mawu pansipansi, maso pa sikelo. "I saw it with my own eyes."

Ndipo ine. Ine! Ndati "own" akhoza kuchoka.

Sindinaganize. Zinangotuluka, monga chifuwa. Anayamba kusanja kachewere amene anali wosanja kale. Patapita nthawi: "Zikomo aphunzitsi. Mwandikonza." A Husseni Chingerezi samva, koma anandiyang'ana.

Ndipo si cholakwa n'komwe. Eni ake amatero. Ndayang'ana m'buku.

Lolemba, 30 Juni

Pa benchi a Husseni okha. Anandiyezera kilo yeniyeni, osawonjezera kanthu.

Lachitatu, 2 Julaye

Kuzizira kolowa m'mafupa. M'kalasi mtsikana wina wati "each and every", ndangomusiya. Ana anayang'anana.

Ndayesa kukonza zoti ndikamuuze. M'Chingerezi. Ndachotsa "very", ndachotsa "truly", ndachotsa zonse zimene a Dário akanachotsa. Chotsala chinali chouma ngati chikwangwani cha pa ofesi. Ndang'amba.

Vitória akuti, "Pita ukaime pamaso pake ngati munthu. Ukachite chibwibwi."

Lachisanu, 4 Julaye

Ndafunsa a Husseni mosazungulira. Anayamba apukuta sikelo, kupukuta, kupukuta. Akazi awo achira. Atija anyamuka mawa, pa shapa, minibasi yoyamba ya ku Mandimba, kenako malire. "Mwana uja sanadye bwino sabata yonse. Munamuuza chiyani m'chizungu chanucho?" Ndinawauza. Anapukusa mutu. "Sukulu yonseyi."

Sanandiuze kuti ndipite. Sanandiuzenso kuti ndisapite.

Loweruka, 5 Julaye, Mandimba

Ndikulemba pabondo, pansi pa mtengo wa mango. Fumbi lofiira m'makutu.

Ndinamupeza atakhala kale m'shapa, pawindo, chikwama pamiyendo. Ndinaima panja. Zonse ndinakonza zija zinathawa. Ndinangoti pepani, m'Chinyanja, kenako zina zosamveka, za mayi ake, za pakamwa panga. Kondakitala akukuwa kuti malo atsala amodzi. Iye anangosendera.

Ndinakwera. Wopanda jekete, wopanda chiphaso, mapepala a ana ali pa tebulo kunyumba.

Tinatsika mapiri. Chifunga chinatsala m'mbuyo, kunayamba kutentha. Ndiye anayamba. M'Chinyanja tsopano, mwina Chiyao. Dzina la mayi ake, Zuleha. Mmene ankakazingira usipa. Nyimbo imene ankaimba pochapa. Tsiku lija pa bwato, lonse, kuyambira m'mawa. Analira, mayi wina wa pampando wakutsogolo anamupatsa nsalu. Zina ananena kawiri, zina katatu. Ine ndinamvetsera. Sindinadziwe kuti msewu umenewu ndi waufupi chonchi.

Pa malire anandiletsa kunyamula chikwama. Akuti abweranso nthawi yokolola nyemba, mwina, akaona. Anayenda pang'ono n'kutembenuka. "Mukawauze nokha amalume kuti munandiperekeza. Asamve kwa anthu. Ndipo popita kumeneko musapite nokha, mutenge munthu wamkulu."

Munthu wamkulu.

Ndakhala pano ndikutembenuza mawu amenewa. Munthu sapita ndi wamkulu kukagula kachewere. Amalume anga a Bernardino ali ku Lulimile, suti ali nayo. Amayi ndiye ndiyambire pati? Mpango uja ndinauona mpaka pa chipata, kenako magalimoto a katundu anatchinga.

Shapa yobwerera yayamba kudzaza, akundiitana. Sindinadye chilichonse ndipo sindikumva njala.